Kugula kagalimoto: sankhani kosadya mpamba

Geni ikayamba kuyenda bwino, maganizo ogula galimoto sachedwa kubwera. Munthu amatopa n'kulawirira mbandakucha kukadikira minibasi, kukangana ndi kondakitala pa mtengo wa katundu, kapena kulipira kabaza maulendo atatu kuti mabelo afike pabenchi. Ambiri mwa ife sitingayambe ndi lole kapena pikiapu, choncho diso limagwera pa timagalimoto tating'ono tomwe tadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu: Vitz, Passo, Mira, Fit, Demio, Swift ndi Note. Timeneti amatitchula kuti hatchback, kutanthauza galimoto yopanda mchira, yomwe chitseko chake chakumbuyo chimatsekukira m'mwamba pamodzi ndi galasi. Mukapinda mipando yakumbuyo, buti ndi mokhala anthu zimasanduka chipinda chimodzi.

Sabata ino tikambirane za kasankhidwe kake. Mtengo womwe wogulitsa akutchula ndi chiyambi chabe. Galimoto imapitiriza kupempha ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo ndalamazo zimachoka m'thumba lomwelo momwe muli mpamba. Kagalimoto koyenera wamalonda ndi komwe geni yake ingathe kukadyetsa osafooka. Kukongola ndi kukoma kuyendetsa kuli ndi malo ake, ndipo tikufikako, koma masamu ayambe.

Idzanyamula chiyani, idzadutsa pati?

Musanafunse mtengo, lembani papepala ntchito zomwe galimotoyo izigwira pa sabata. Wogulitsa zovala, zodzoladzola, mafoni kapena makeke amanyamula katundu wotenga malo koma wopepuka. Wopikula mbatatesi ku Tsangano, tomato ndi kabichi ku Lizulu, kapena mpunga ku Karonga amanyamula zolemera. Anthu awiriwa safuna galimoto imodzi.

Timagalimoto timeneti tidapangidwira kunyamula anthu. Ku Japan akamawerengera kulemera kwa galimoto yodzaza, amaika makilogalamu 55 pa munthu aliyense. Ndiye kuti Vitz kapena Fit ya anthu asanu amaiwerengera makilogalamu 275, pomwe Mira ya anthu anayi amaiwerengera 220. Mukachotsapo thupi lanu, otsala ndi matumba anayi a makilogalamu 50 mu Vitz ndi atatu mu Mira. Galimoto imatha kusenza zoposa apa n'kumayendabe, n'chifukwa chake ambiri amanyengeka, koma ngongoleyo imadzabwezedwa ndi mashoko, masipuling'i, mabeling'i, matayala ndi giyabokosi. Choopsa kwambiri ndi mabuleki. Pa mtsetse wa ku Chiweta, wa ku Khwekhwerere kapena wotsikira ku Chikwawa, kagalimoto kodzaza mopyola muyezo kamatentha mabuleki mpaka kusiya kugwira.

Ngati ntchito yanu ndi ya matumba asanu ndi atatu kapena khumi tsiku lililonse, hatchback si yanu. Ganizirani za Probox, yomwe mtundu wake wonyamula katundu umaloledwa kusenza mpaka makilogalamu 400, kapena pikiapu, apo ayi pitirizani kuchita hayala pa masiku opikula okha.

Chachiwiri ndi msewu wopita kunyumba kwanu ndi kokaoda. Timagalimoto tambiri timeneti mimba yake ili pakati pa masentimita 13 ndi 16 kuchokera pansi, ndipo mukapakira katundu imatsikanso. Pa tala palibe vuto, koma m'misewu ya m'makwalala nthawi ya dzinja, mwala umodzi utha kuboola poto wa oyilo, injini n'kuuma. Ena amaikweza galimoto kwa amakaniko. Kukweza pang'ono kumathandiza, koma mukapitirira muyezo galimoto imayamba kupepera pokhota ndipo zitsulo zopititsa mphamvu kumatayala akutsogolo zimatha msanga.

Injini ndi mafuta

Injini za timagalimoto timeneti zili m'magulu anayi: 660cc, 1000cc, 1200cc mpaka 1300cc, ndi 1500cc. Injini yaying'ono imasunga mafuta m'tauni galimoto ikakhala yopepuka. Koma mukaidzaza anthu ndi katundu, n'kuyatsa zoziziritsa, n'kumakwera zitunda za ku Dedza kapena ku Chikangawa, muyenera kupondereza phazi mpaka pansi ndipo phindu lija limachepa. Kwa munthu wophatikiza maulendo a m'tauni ndi a pa M1, injini ya 1300cc imakhala pakatikati: siilira pachitunda komanso siimwa ngati chidakwa.

Musakhulupirire manambala a mafuta olembedwa pa intaneti. Amenewo adayezedwa ku Japan galimoto ili yatsopano, yopanda katundu, popanda mabampu ndi maenje. Funsani eni galimoto zoterozo kuno, makamaka madalaivala a matakisi, chifukwa iwo amawerengera lita iliyonse.

Tipereke chitsanzo cha masamu. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 40 patsiku, masiku 26 pamwezi. Amenewa ndi makilomita 1,040. Galimoto yoyenda makilomita 15 pa lita imodzi imwa malita pafupifupi 69, pomwe yoyenda makilomita 11 imwa pafupifupi 95. Kusiyana kwake ndi malita oposa 25 pamwezi, oposa 300 pachaka. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo womwe bungwe la MERA lalengeza, muone kuti ndi mabelo angati a kaunjika kapena madengu angati a tomato omwe akupsa mu injini.

Kukula kwa injini kumakhudzanso msonkho. Bungwe la MRA limayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo yakale kwambiri kapena ya injini yaikulu imalipira zambiri.

Mitundu yomwe ili pamsika

Toyota Vitz idayamba kupangidwa mu 1999, idasinthidwa thupi mu 2005 ndi mu 2010, ndipo mu 2020 dzinali lidasiyidwa, ku Japan nakonso n'kuyamba kuitcha Yaris. Ubwino wake waukulu kwa wamalonda ndi woti masipeya ake ali ponseponse, ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe ngakhale m'maboma, ndipo makaniko aliyense adaigwirapo. Mukafuna kuigulitsa siichedwa kupeza kasitomala. Ya 1000cc yoyambira mu 2005 ili ndi masilinda atatu, choncho imanjenjemera pang'ono ikaima. Ndi chibadwa chake, koma kunjenjemerako kukanyanya onetsani zogwiriza injini. Buti yake ndi yaying'ono. Pali mtundu wa RS wa 1500cc womwe umakoma kuyendetsa, koma umamwa kuposa inzake.

Toyota Passo inkapangidwa ndi kampani ya Daihatsu ndipo ya 1000cc ili ndi injini yofanana ndi ya Vitz, zomwe zimathandiza pa masipeya. Denga lake ndi lalitali, kulowa n'kutuluka sikuvuta, ndipo zambiri giya yake ili pambali pa chiwongolero. Ndi galimoto yofewa, yoyenera m'tauni. Pa liwiro lalikulu komanso pokhota siikhazikika ngati Vitz.

Daihatsu Mira ili m'gulu la timagalimoto tomwe malamulo a ku Japan salola kuti tipyole 660cc, mamita 3.4 m'litali ndi 1.48 m'lifupi. Pa mafuta ndi katswiri, ndipo imaimika paliponse. Kwa wotumiza makeke, zakudya zophika kapena zodzoladzola m'maofesi, imakwanira. Kwa wopita Mzuzu kapena Mwanza sabata ndi sabata ndi katundu, ndi kuizunza.

Honda Fit ndiyo imaposa zonse pa malo a katundu. Thanki yake ya mafuta ili pansi pa mipando yakutsogolo, choncho mipando yakumbuyo imagona mpaka pansi, komanso pokhalira pake pamatha kudzuka n'kusiya malo oimikapo zinthu zazitali ngati zidebe, mbande kapena mipukutu ya nsalu. Ku Britain amaitcha Jazz. Fit yoyamba ya 1300cc, ya pakati pa 2001 ndi 2007, ili ndi mapulagi asanu ndi atatu osati anayi, ndipo giyabokosi yake imadziwika ndi kugwedezeka ponyamuka ikasowa chisamaliro.

Mazda Demio ya thupi la 2007 idapepukitsidwa poyerekeza ndi yam'mbuyo mwake, ndipo mu 2008 idapata mphoto ya World Car of the Year. Imamvera chiwongolero, imakhota bwino, ndipo pa msewu wokhotakhota ngati wokwera phiri la Zomba mumamva kukoma kwake. Kumbuyo kwake n'kothina poyerekeza ndi Fit. Pali Demio ya dizilo yoyambira mu 2014. Imeneyi ili ndi sefa ya mwaye yomwe imatsekeka galimoto ikamangoyenda maulendo aafupi a m'tauni, ndipo kukonza kwake n'kodula.

Suzuki Swift nayonso ndi yopepuka ndi yachangu, yokoma m'manja, koma buti yake ndi imodzi mwa zazing'ono kwambiri. Nissan Note ili ndi malo aakulu a miyendo kumbuyo, yabwino kwa banja. Yoyambira mu 2012 ili ndi injini ya 1200cc ya masilinda atatu. Volkswagen Polo, yomwe imapangidwanso ku Kariega m'dziko la South Africa, imakhazikika bwino pa msewu wautali ndipo zambiri zimapezeka za giya ya pamanja, koma imafuna makaniko woidziwa.

Mwachidule, wofuna mtendere pa masipeya ndi pogulitsa ayang'ane Vitz kapena Passo, wofuna malo a katundu ayang'ane Fit kapena Note, wofuna kusunga mafuta m'tauni ayang'ane Mira, ndipo wofuna kusangalala pa chiwongolero ayang'ane Demio kapena Swift. Kukoma kuyendetsa si nkhani yachibwana. Munthu wokhala maola atatu patsiku pa chiwongolero amafuna mpando wosapweteka msana, galimoto yoona bwino mbali zonse, yotembenuka mosavuta m'chipwirikiti cha ku Malangalanga kapena ku Limbe. Kungoti kukomako kusankhidwe pakati pa galimoto zomwe zakhoza kale mayeso a thumba.

Giyabokosi ndi mabatire

Chiwalo chomwe chagwetsa eni galimoto ambiri ndi giyabokosi. Timagalimoto tambiri ta ku Japan ta zaka zaposachedwa tili ndi giyabokosi yotchedwa CVT. M'kati mwake mulibe magiya osinthasintha, muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri. Imasunga mafuta ndipo imayenda mosalala, koma imadana ndi zinthu zitatu: katundu wopyola muyezo, kuvutikira m'matope matayala akungozungulira, ndi oyilo wolakwika. Oyilo wa giyabokosi wamba wotchedwa ATF sayenera kuthiridwa mu CVT. Kampani iliyonse ili ndi wake: Toyota ili ndi TC kapena FE, Nissan ili ndi NS-2 kapena NS-3, Honda ili ndi HMMF kapena HCF-2, malinga ndi chaka cha galimoto. Makaniko akati "oyilo ndi oyilo basi", tengani galimoto yanu muzipita.

Passo ya pakati pa 2004 ndi 2010 ili ndi giyabokosi yosintha yokha ya magiya anayi, yachikale koma yopirira. Ya giya ya pamanja ndiyo yotsika mtengo kukonza kuposa zonse, ngakhale kuti zochokera ku Japan zoterezi n'zochepa.

Galimoto zophatikiza petulo ndi magetsi, monga Toyota Aqua yomwe idatuluka mu 2011 ndi Fit Hybrid, zimamwa pang'ono kwambiri m'tauni, ndipo pa nthawi ya mizere m'mafilingi sitesheni eni ake amapumako. Koma batire yake yaikulu imakalamba, ndipo kugula ina kumatha kumeza zonse zomwe mudapulumutsa pa mafuta. Musagule popanda kuipimitsa ndi kompyuta kwa makaniko wodziwa za mabatirewa. Dziwaninso kuti Fit Hybrid ya thupi la 2013 ili ndi giyabokosi yamtundu wina, yomwe kampani ya Honda idaitanitsa kangapo ku Japan kuti ikakonzedwe.

Kuitanitsa kapena kugula pompano

Mtengo womwe mumauona pa masamba a BE FORWARD kapena SBT Japan nthawi zambiri umakhala wa galimoto yokha. Pamwamba pake pali ndalama ya sitima yofikitsa ku Dar es Salaam, zolipira padoko, wothandiza kuombola katundu, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita oposa 900 kufika pachipata cha Songwe, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi. Kuchokera ku Songwe kufika ku Lilongwe ndi makilomita enanso oposa 600. Zambiri mwa izi zimatsata dola. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene galimoto zawo zidali panyanja pa nthawiyo adapeza masamu asintha. Funsani ku MRA kuchuluka kwa msonkho musanatumize ndalama, ndipo tumizani kudzera kubanki ku akaunti ya kampani yeniyeniyo, osati kwa munthu amene mwangodziwana naye pa WhatsApp.

Kugula yomwe ili kale m'dziko muno kuli ndi ubwino woti mumaiona ndi maso, kuiyendetsa ndi kulipira m'makwacha. Kuipa kwake n'koti yomwe yayendapo kale kuno mwina idali takisi, ndipo yatopa m'kati ngakhale kunja ikuwala.

Tsiku lokaona galimoto

Safunsa adadya phula. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo pitani masana. Pemphani kuti injini muipeze yozizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa matenda. Mukatsekula makiyi, nyale zochenjeza za padashibodi ziyenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Nyale yosayaka n'komwe mwina wina adaidula dala. Tsekulani chotsekera oyilo: mukaona phala lotuwa ngati chiponde chosungunula, madzi akulowa mu injini. Utsi wabuluu kumbuyo ukutanthauza kuti injini ikudya oyilo.

Suzumirani pansi. Galimoto zochokera kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, zimayenda m'misewu yothiridwa mchere nthawi yachisanu ndipo zimachita dzimbiri kumimba. Onani ngati mipata ya zitseko ndi boneti ikufanana mbali zonse komanso ngati penti ndi yamtundu umodzi. Pa pepala la kumsika wa galimoto ku Japan, chilembo R chimasonyeza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Makilomita a padashibodi amatha kubwezedwa m'mbuyo, choncho yerekezani ndi omwe alembedwa pa chikalata chotulutsira galimoto ku Japan, komanso onani kutha kwa chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa: manambala anayi a m'mbali mwake, monga 2319, akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Galimoto zina zimabwera ndi matayala a nyengo yachisanu, ofewa, omwe amatha msanga pa tala wotentha wa kuno. Zinanso zimabwera zopanda tayala lapadera, jeke ndi sipanala. Zonsezi ndi ndalama, ndipo ndi poyambira kunenerera mtengo.

Iyendetseni mphindi zosachepera makumi awiri, m'mabampu ndi pachitunda, wailesi itazima. Mverani kugogoda kwa kumiyendo, kulira kwa giyabokosi ndi kugwedezeka ponyamuka. Lembaninso zilembo zoyambirira za nambala ya chasisi, chifukwa ndizo dzina lenileni la galimoto pogula masipeya. Pa Vitz, KSP ndi ya 1000cc, SCP90 ndi NSP130 ndi za 1300cc. Musanalipire, tengani zilembozo mukafunse m'mashopu atatu mtengo wa mashoko, mabuleki, nyale yakutsogolo ndi galasi lakutsogolo. Mukaona ogulitsa akukanda mutu, dziwani kuti tsiku lina galimotoyo idzagona pagalaja mwezi wathunthu kudikira chitsulo chochokera kunja.

Mapepala

Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili pa blue book, ndipo dzina la pa blue book lifanane ndi la pachiphaso cha amene akukugulitsani. Pitani naye limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe zimenezi zikatheka. Madobadoba olonjeza njira yachidule apeweni. Funsani ngati galimotoyo idalowa mosalipira msonkho, chifukwa zoterezi zikamagulitsidwa MRA imafuna msonkho wake, ndipo mutha kulandidwa galimoto pa ngongole yomwe simudaidziwe. Funsaninso ngati siili chikole kubanki kapena kwa wobwereketsa ndalama. Yochokera ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Lemberanani kalata ya malonda pamaso pa mboni. Ngati mukuganiza zomanyamulako anthu olipira, ntchito imeneyo ili ndi ziphaso zake ndi inshulansi yake. Matola pa mapepala a galimoto yapanyumba amathera m'manja mwa apolisi apamsewu, ndipo ngozi itachitika a inshulansi atha kukana kulipira.

Masamu omaliza

Tengani kope lanu la geni. Mbali imodzi lembani zomwe mumawononga pamwezi panopa pa minibasi, kabaza, hayala ndi onyamula katundu, kuphatikizapo malonda omwe amakudutsani chifukwa chochedwa kufika. Mbali inayo lembani mafuta, oyilo ndi sevisi, inshulansi ndi COF mutazigawa pa miyezi khumi ndi iwiri, zolipira pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke ngati mumadutsako, malo oimikapo, ndi ndalama yosungira matayala ndi zowonongeka mwadzidzidzi. Mbali yachiwiriyi ikaposa yoyamba, funso ndi lakuti galimotoyo ibweretsa malonda ati atsopano oti atseke mpatawo. Yankho likhale la manambala.

Ndalama yogulira ichokere m'phindu lomwe mwasunga padera. Kugulitsa katundu yense wa mushopu kapena kutenga katapila kuti mugule galimoto kumasiya munthu ali ndi makiyi m'manja, mashelefu ali mbee. Ngongole ya banki mkhonde nayonso imafuna kubweza msanga kuposa momwe galimoto ingabwezere. Mukagula, mutsale ndi ndalama ya sevisi yoyamba, oyilo woyenera ndi matayala awiri, ndipo mpamba ukhale momwe udalili. Ngati masamu akukana chaka chino, pitirizani kusunga. Sitima zochokera ku Japan zikufikabe ku Dar es Salaam, ndipo Vitz ina idzakhala ikukudikirani geni ikadzakula.